Jivi wa pa chala changa anadetsa dzina la achimwene

Inu owerenga, ine ndinaipitsa dzina la achimwene anga ndi chala chimodzi, ndili kuno ku London, iwo ali kumudzi. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira, ndipo sindidziwa woyamba kumukwiyira ndani, ine mwini kapena anthu akwathu amene amameza chilichonse chobwera pa foni osayamba atafuna.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina ku Croydon. Achimwene angawo ndi amene anandilera bambo athu atamwalira, ndipo ndi mphunzitsi wopuma pantchito. Dera lathu lonse limangowatchula kuti Aphunzitsi. Chuma alibe, galimoto alibe. Chimene anali nacho ndi mbiri yoti sanama komanso sakondera. Ali ahedi, mwana wawo weniweni atalephera mayeso anamubwerezetsa kalasi, alamu anga akulira. Ndiye pamene makolo ndi akuluakulu a mipingo anawapempha kuti apikisane nawo pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo ngati woima payekha, iwo analibe china chokopera anthu koma mbiri yomweyo. Anzawo ankagawa nsalu ndi malaya, iwo ankangopalasa njinga mudzi ndi mudzi.

Anthu a dera lathu tinali ndi gulupu ya pa foni, mmene munali otsatira a opikisana onse. Ine ndinali wolongolola kwambiri m'menemo, sindikana. Ndikangoweruka, ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndinkayamba kuyankha aliyense wonyoza achimwene. Munalinso bambo wina wotsatira mbali ina, tingowatchula kuti a Mbewe. Bambo ameneyu anali ndi yankho limodzi lokha pa chilichonse chimene ndalemba: "Inu a ku Mangalande khalani chete. Chala chanucho chidzaona inki?"

Chowawa n'chakuti ankanena zoona. Ife okhala kunja sitivota pokhapokha titakwera ndege. Koma tangoganizani, anthu omwewo amene amakukumbukira denga la tchalitchi likasasuka kapena maliro akagwa, pa nkhani ya chisankho akukuuza kuti ndiwe mlendo. Miyezi yonse ya kampeni mawu a inki aja ankandibaya, ndipo ena m'gulupumo anayamba kuwabwereza ngati nyimbo.

Tsiku lovota linafika. Ndikudzuka kukonzekera shifiti ya m'mawa, ndinapeza gulupu yadzaza zithunzi za zala zodetsedwa ndi inki. A Mbewe nawo anatumiza chawo, n'kulemba pansi pake kuti akudikira cha mayi a ku London. Apa mutu wanga unasiya kugwira. M'kabati ya kubafa ndinali ndi kabotolo ka jivi, mankhwala apepo aja timapaka pa zilonda, kamene ndinabwera nako ulendo womaliza ndinapita kumudzi. Ndinatsegula, n'kuviika chala mpaka chikhadabo chonse kumira.

Pokwerera tiramu, kasitima kaja kamayenda mumsewu, ndinakumana ndi mnzanga wa kuntchito, mayi wa ku Chipata ku Zambia. Ndinamupatsa foni kuti andijambule. Anayang'ana chalacho, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe, vamene uchita ivi vizakubweretsera ma problem. Ku Malawi bazaziba bwanji ati ni joke?"

Ndinamuuza kuti kwathu aliyense amandidziwa kuti ndine wanthabwala. Anapukusa mutu koma anajambula. Chithunzicho chinatuluka bwino mochititsa manyazi: ine ndili mu jekete, ndikumwetulira, chala m'mwamba, tiramu kumbuyo. Ndikanangotumiza chomwecho mwina zikanachepa. Koma mkwiyo uja unandilembetsa mawu pansi pake: "Nafe kuno tavotera Aphunzitsi, ndipo mabokosi athu akubwera pa ndege." Ndinaseka ndekha njira yonse, ndikuganiza kuti a Mbewe ndawatseka pakamwa.

Kuntchito kwathu foni timasiya m'loka, kakabati kokhoma, mpaka nthawi ya buleki. Manijala ataona chalacho anangondiuza kuti ndivale magolovesi tsiku lonse, ndisawopseze okalamba. Ndiye m'mawa wonse, pamene ine ndinali kusambitsa ndi kudyetsa anthu, chithunzi changa chinali kuyenda pa mizere ya ovota kwathu, ine osadziwa kanthu.

Nditatsegula foni masana, ndinapeza anthu ayimba mpaka batire kutsala pang'ono kutha. Chithunzi chija chinali chitatuluka m'gulupu mwathu n'kulowa m'magulupu a mipingo, a alimi, a kabaza, paliponse. Tsopano chinkayenda limodzi ndi mawu ojambulidwa a munthu wina amene mpaka lero sindimudziwa, akulankhula modekha ngati wowerenga nkhani pa wailesi, kuti Aphunzitsi agwidwa, mlongo wawo waulula yekha kuti mavoti ena akuchokera ku Mangalande.

Inu owerenga, ndithandizeni kudabwa. Munthu woyenda pa njinga yopanda mabuleki angabwereke ndege? Ndegeyo ikanatera pati, pa bwalo la mpira la kusukulu? Koma anthu anakhulupirira, ena a iwo ophunzira bwino, ena ophunzitsidwa ndi achimwene omwewo. Azakhali anga enieni anandiyimbira akunong'ona, kufunsa ngati mabokosiwo afika bwino, ati iwo sauza munthu. Ndinatsala pang'ono kuponya foni kukhoma.

Ndinathamangira kuchimbudzi cha antchito n'kujambula mawu otsutsa. Ndinalumbira kuti sindinavote, kuti palibe bokosi lililonse, kuti chimene chili pa chala changa ndi jivi chabe. Ndinajambulanso chala chomwecho ndikuchikwecha ndi sopo. Mukudziwa chimene chinachitika? Chithunzi choyamba chinafika kwa aliyense, koma mawu otsutsawo anamva ndi anthu ochepa, ndipo amene anamvawo anangotolapo liwu limodzi. Dzuwa lisanalowe, achinyamata a mbali ina anali atayamba kale kuwatchula achimwene anga kuti a Jivi.

Zotsatira zitatuluka, achimwene anagonja ndi mavoti ochepa kwambiri. Sindinganene motsimikiza kuti chithunzi changa ndicho chinawagwetsa, ndipo kusadziwako ndi kumene kumandidya kwambiri. Chimene ndikudziwa ndi chimene alamu anga anandiuza: amayi ena a mvano, amene ankayenda ndi achimwene kampeni yonse, atamva nkhaniyi ali pa mzere anatuluka n'kubwerera kwawo osavota. Ati sakanatha kuvotera wina, komanso sakanatha kuvotera munthu amene wawapusitsa. Anthu amenewa ankawakonda achimwene chifukwa cha chinthu chimodzi, ndipo ine ndi amene ndinachithira jivi.

Ndinayesa kuwayimbira achimwene kambirimbiri, osayankha. Ndinatuma alamu, ndinatuma abusa. Ku tchalitchi chathu cha ku Tottenham, kuno ku London, nako nkhani inali itafika, moti pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero bambo wina anandipatsa moni atakweza chala m'mwamba, anzake n'kuseka. Mnzanga wa ku Chipata uja sanandinene, koma ankangondibweretsera mandimu kuti ndizikwechera chalacho.

Patapita masabata, achimwene anayimba okha. Muyenera kudziwa kuti moyo wanga wonse iwo amanditchula kuti iwe, chifukwa anandilera ngati mwana wawo. Tsiku limenelo anati:

"Achemwali, muli bwanji kumeneko? Chala chanu chija chinayera?"

Ndinayankha kuti chinayera kalekale, ndipo ndinayamba kupepesa, kufotokoza za a Mbewe ndi mmene ankandinyozera. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Changa sichinayere, inki yeniyeni imachedwa kuchoka," anatero. "Kugonja sindidandaula, achemwali. Koma dzulo ndinapita kusukulu kukathandiza ana masamu monga ndimachitira. Mwana wina nditamugwira akuonera, anandiuza kuti nanenso ndinaonera pa chisankho. Kalasi yonse inaseka."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira, akananditukwana ngati mwana wopanda nzeru, chifukwa apo ndikanadziwa kuti ndidakali mwana wawo. Anangondifunira zabwino pa ntchito n'kudula foni. Kuyambira tsiku limenelo kusukulu kuja sanapitekonso.

A Mbewe adakali m'gulupu muja, akulemba za mitengo ya feteleza ngati palibe chimene chinachitika. Phungu amene anapambana sindikudziwa ngati anamvapo n'komwe za ine. Amene anajambula mawu abodza aja akugona tulo tabwino kwinakwake. Zonsezi zimandipsetsa mtima, koma ndikamaliza kukwiyira onsewa ndimabwerera pa mfundo imodzimodzi: palibe amene ananditsegulira kabotolo kaja.

Ndiye inu anzanga okhala kunja, makamaka inu olongolola ngati ine, ndimvereni. Chisankho cha kwathu chikafika, nthabwala zanu sekani ndi anzanu a kuntchito, zisakwere foni. Inu mukuseka muli pa tiramu, koma amene akulandira ali pa mzere, dzuwa likumuwotcha, ndipo waberedwapo kambiri moti nkhani iliyonse ya kubera imamveka yoona. Nthabwala ikachoka m'manja mwanu imafika kumudzi yopanda kuseka kwanu. Akakuuzani kuti chala chanu sichidzaona inki, vomerani, chifukwa ndi zoona. Ngati zikukuwawani kwambiri, pemphani tchuthi, mukalembetse, mukavote. Mukalephera, khalani chete ngati mmene a Mbewe ankanenera, ngakhale kuti kulemba mawu amenewa kukundiwawa.

Pamwamba pa zonse, kumbukirani kuti amene adzayende ndi manyazi pa msika, pa maliro ndi kutchalitchi si inu ayi, ndi mbale wanu amene ali komweko. Ine chala chinayera ndi sopo ndi mandimu. Achimwene anga timalankhulana Lamlungu lililonse tsopano, amandifunsa za nyengo ndi za ntchito, mwaulemu wonse. Ndimakhala ndikumvetsera, kudikira tsiku limene adzaiwale n'kundinenanso kuti iwe.