Telala ndi Khonde la Kumzinda

Zoti telala wathu uja wabwerako kumzinda waukulu chifukwa mphepo yakumeneko sinamuyanje n'zabodza, anthu inu. Wodwala wanji wotsika basi atasenza yekha makina osokera?

Munthuyu wasoka zaka khumi ndi zisanu pakhonde la sitolo ya mlamu wake, osalipira kalikonse. Atamva kuti kumzinda kupinda thalauza n'katatu mtengo wa kuno, anatenga choko cholembera nsalu n'kuwerengera zonse pathabwa: lendi ya nyumba, makala, basi, mpaka sopo. Potsanzika anachita kutukumuka: "Alamu, tsalani ndi fumbi lanuli."

Atafika anaona khonde labwino, n'kutsitsa makina ngati kwawo. Mwini sitolo anatuluka.

"Achimwene, pamenepa timalipiritsa pamwezi."

"Khondenso?"

"Khonde pakepake, benchi pakepake. Makinawo akagona m'sitolo, ndi zinanso."

Anapirira miyezi iwiri akupalasa makina, wonenepa ali mwini sitolo. Lero wabwerera, koma pamalo ake pakhala wosoka nsapato, ndiye iye akusokera padzuwa kuseri kwa chigayo, thukuta kamukamu.

Zoona zake n'zakuti katswiri wa masamuyu sankadziwa kuti kumzinda ngakhale mthunzi amagula.