Chete wa a Sipoko

A Sipoko amakonza njinga pakhonde la malata pafupi ndi pokwerera mabasi. Zida zawo n'zochepa: masipanala anayi, pampu yomangidwa ndi mphira, ndi beseni la madzi akuda momwe amaviikamo machubu pofufuza pomwe pabooka. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Chomwe saiwala ndi mawu awo, poti a Sipoko amalankhulira m'mphuno chibadwire. Kusukulu anzawo ankawayeseza mpaka iwo anazolowera kuyankha ndi mutu. Ngakhale lero kasitomala akafunsa chomwe chavuta, amangomulozera ndi sipanala.

Munthu yekhayo amene ankacheza naye mosamangika anali mwana wawo wamkazi, yemwe anamutcha Kabelu, dzina la kawaya ka mabuleki. Akaweruka ankamunyamula ndi manja amafutawo n'kumamufotokozera za matcheni ndi mabuleki ngati akuuza mnzawo wapantchito. Mayi ake ankalalata za madiresi othimbirira, koma ankangodzitopetsa.

Kabelu atakwanitsa zaka zitatu, zinadziwika kuti nayenso mawu ake akutulukira m'mphuno. Akamwa tiyi mothamanga, wina ankadontha m'mphuno momwemo. Apongozi awo a Sipoko atabwera kudzacheza anamvetsera kamodzi kokha, mlandu n'kuugamula.

"Mwana amatola zomwe akumva," anatero gogoyo. "Kukangocha ali pamiyendo pa bambo ake, ndiye mumati alankhula ngati wa pawailesi?"

Sananene mwankhanza ayi, koma mawuwo anawalasa a Sipoko. Anaganiza masiku awiri, kenako anachita zomwe amachita panjinga: chomwe chikuwononga chinzake amachichotsa. Analeka kulankhula ndi mwana wawo. Kumunyamula ankamunyamulabe, kumusambitsa, kumukweza pakaliyala, koma pakamwa atatseka. Kabelu ankawakanula milomo ndi tizala take, iwo n'kumangotipsompsona. Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wamkulu akuzembera kuseri kwa nyumba kukapukuta misozi. Chaka chinatha. Mawu a mwana sanasinthe ngakhale pang'ono, anangoyamba kuchepa.

Mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka ndi amene anawalembera kapepala koti apite naye kuchipatala chachikulu. Kumeneko anawalowetsa m'kachipinda kodzaza zidole, momwe munali mayi wina wothandiza ana ovutika kulankhula. Mayiyo anaika kagalasi pansi pa mphuno ya Kabelu n'kumuuza kuti anene "pepala". Kagalasi kanachita nthunzi. Anabwereza ndi mawu ena, nthunzi yomweyo. A Sipoko anasendera pafupi, maso ali tong'o. Apa anamvetsa msanga kuposa akazi awo: penapake pakutaya mpweya.

Dokotala anabwera, anaunika m'kamwa ndi tochi, kenako analowetsa m'mphuno kapaipi kowonda kokhala ndi kamera. Kabelu analira, a Sipoko atamukumbatira zolimba. Atatha, mayi uja anawafotokozera pang'onopang'ono. Kumwamba kwa m'kamwa, chakumbuyo, kuli kanyama kofewa komwe kamatseka njira ya kumphuno munthu akamalankhula. Minofu ya kanyama ka Kabelu sinalumikizane bwino ali m'mimba, n'chifukwa chake sikatseka. Pankafunika opaleshoni, kenako miyezi ingapo yophunzira kutchula mawu.

"Ndiye kuti sanatengere pomva bambo akewa?" anafunsa mayi a Kabelu.

"Pomva ayi," anayankha mayi uja. "Si choncho. Nthawi zina zimayenda kumtundu, koma palibe walakwa. Bambo, tayasamulani ndione." Anawaunika kanthawi ndi tochi ija. "Inunso ndi momwemo. Koma chilowereni muno sindinamve liwu lanu. Takulakwirani?"

A Sipoko anayang'ana pansi. Akazi awo ndi amene anaulula zonse, poti nawonso anali atavomereza nzeru yolakwikayo. Mayi uja anaika cholembera patebulo.

"Chaka chathunthu? Abale inu!" Anapukusa mutu, kenako anafewetsa mawu. "Bambo, kanyamako tikonza ife. Koma mwana akapeza kuti mtima wofuna kulankhula ngati bambo ake akumumana mawu? Chezani naye. Mawu anu atuluke momwe atulukiremo, iye akuwafuna omwewo."

Atatuluka, mayi a Kabelu anapita kukalembetsa tsiku la opaleshoni. Bambo ndi mwana anatsala pabenchi m'khonde lonunkha mankhwala, anamwino akudutsa ndi matileyi awo. A Sipoko anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Munthu wosaopa njinga iliyonse, apa ankaopa kamtsikana kamene miyendo yake sinkafika n'komwe pansi. Kenako anawerama.

"Kabelu, mwanawe," anatero, mawu ali osasa, akutulukira m'mphuno monga mwa masiku onse. "Kapaipi kaja kanakupweteka?"

Mwanayo anasiya kugwedeza miyendo. Anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi iwodi.

"Ababa," anafunsa chapansipansi, "munapita kuti?"

A Sipoko sanazembere kwina kulikonse. Misozi inatsika poyera, anthu akuona.

"Ndinasochera, mwanawe," anatero. "Koma ndabwera."