Matewera a Kondwani ndi simbi ya Che Saidi

Ndikukumbukira dzinja lomwe ndinali Sitandade 5, kwathu ku Chulu, chaka chomwe fodya anachita bwino mpaka kutilanda zingwe zonse za pakhomo. Ngakhale chingwe choyanikapo zovala bambo anachimasula n'kupita nacho kuchigafa kukamangira fodya. Mayi ankalawirira kumunda kukathyola masamba, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkasoka fodyayo ndi kuchapa matewera a mlongo wanga Kondwani, yemwe anali ndi miyezi isanu. Posowa chingwe, matewerawo ndinkangowayala pamchenga, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Kenako Kondwani anayamba kulira kosatonthozeka. Kumsana ndi m'matako munatuluka tizithupsa tofiira, tolimba. Azakhali anati ndi anthu ansanje ndi fodya wathu, koma mayi anangomubereka ulendo wa kuchipatala, ine ndikutsatira ndi ambulera. Namwino anapaka mafuta odzola pa kathupsa kamodzi, anadikira pang'ono, n'kufinya. Panatuluka mphutsi yoyera, yonenepa, ikuphiriphitha. Anafinya malo asanu ndi awiri, mwana akulira mpaka mawu kusasa.

"Zovala za mwanayu mumayanika pati?" anafunsa namwinoyo.

Mayi anangondiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya. Namwino anafotokoza kuti pali ntchentche ina yomwe imaikira mazira pansalu yonyowa, makamaka yoyanikidwa pansi, ndipo mazirawo akaswa, timphutsi timalowa pakhungu. Anati nyengo ya mvula ngakhale chingwe sichikwanira, chilichonse chokhudza thupi la mwana chizisitidwa. Pobwerera ndinalumbira chamumtima kuti Kondwani sadzafinyidwanso chifukwa cha ine.

Vuto linali lakuti pakhomo pathu panalibe simbi. Kusita tinkakuona ngati mwambo wa aphunzitsi ndi abusa. Ife zovala za Lamulungu tinkazipinda bwinobwino n'kuziika pansi pa mphasa, tikazigonera m'mawa zawongoka. Simbi yomwe ndinkaidziwa inali ya Che Saidi, telala wachisilamu yemwe ankasoka pakhonde la golosale ku msika, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Ndinapita, ndinagwada, n'kupempha kuti andibwereke.

"Mwanawe, simbi iyi ndi khasu langa," anatero akulumira ulusi ndi mano. "Bambo ako angabwereketse khasu mu Januwale?"

Sindinachoke. Ndinakhala pomwepo mpaka anamaliza kusoka thalauza lonse. Atatukula mutu n'kundipeza ndikadalipo, anandifunsa chomwe ndikufuna kusita, ndipo nditawauza za mphutsi zija anapukusa mutu. Anati chakumadzulo akapita kumzikiti kukaswali simbi imangokhala, ndizibwera nthawi imeneyo, koma ndi makala anga.

Bambo atamva anaseka chikhakhali. "Kusita matewera? Kodi Kondwaniyo walembedwa ntchito ku boma?" Anali munthu wosalankhula kawiri, mkulu wa mpingo woopedwa ndi achinyamata a kwaya. Anati ndikhoza kupita kulikonse bola mulu wanga wa fodya ndausoka wonse. Ndinayamba kusoka ngati ndikuthamangitsidwa, nsingano ikundibaya zala osaimva. Makala ndinkatola pamoto mayi akatha kuphika, n'kuwazimitsa ndi madzi, n'kuwasunga m'chitini.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi. Manja anga anali bii ndi utomoni wa fodya, ndipo thewera loyamba linatuluka ndi zidindo za zala zanga zonse. Che Saidi anandituma kuseri kukasamba m'manja ndi mchenga ndi sopo. Asanapite kukaswali anandionetsa kagwedezedwe ka simbi m'mwamba kuti makala akolele, kuipukuta patsamba la nthochi, ndi kuiyesa ndi chala chonyowetsa malovu. Ikati tsi, ndiye kuti yapsa. Anati makwinya ndisalimbane nawo, mwana sapita ku ukwati, koma ndizikanikiza m'mphepete ndi m'misoko chifukwa mazira amabisala mmenemo. Simbiyo inali yolemera, ndinkainyamula ndi manja awiri. Mpaka lero fungo la nsalu yotentha losakanikirana ndi utsi wa makala limandifikitsa pakhonde paja.

Ndinayenda choncho masabata atatu osaphonya tsiku. Mvula ikagwa ndinkakulunga mtolo wanga m'thumba la feteleza n'kuusenza, matope akufika m'mawondo. Amayi ogulitsa tomato anandipatsa dzina loti Nasimbi, ndipo ndikamadutsa ankafunsa ngati bwana wanga walandira malipiro. Ndinkangoyang'ana kutsogolo. Zilonda za Kondwani zinauma, ndipo sipanatulukenso china.

Loweruka lina tinathyola fodya mumvumbi kuyambira m'mawa. Fodya wonyowa amaledzeretsa, aliyense wokulira kwathu amadziwa. Pofika masana mutu unkazungulira, ndinasanza mpaka kutsala ndulu yokha. Komabe dzuwa litapendeka ndinadzuka, ndinamanga mtolo, n'kutenga chitini changa cha makala. Ndinangofika pakhola la mbuzi n'kugwa pansi. Ndikukumbukira bambo akundinyamula, ine ndikulira kuti matewera sanasitidwe, asamuveke mwana. Anandigoneka pamphasa, ndipo tulo tinanditenga.

M'mawa mwake ndinapeza matewera ali pampando, opindidwa mokhotakhota, koma ositidwa. Limodzi linali ndi chipsera chofiirira, chithunzi chenicheni cha simbi. Nditafunsa mayi anati ndifunse bambo. Nditafunsa bambo anati ndifulumire, belu la kutchalitchi lalira kale.

Nkhani yonse ndinaimva Lolemba kwa Che Saidi. Loweruka lija linali tsiku la msika, khonde lodzaza ndi azibambo osewera bawo. Bambo anafika panjinga atanyowa, anamasula mtolo, n'kupempha simbi. Che Saidi anati awasitire, koma iwo anakana, amvekere ntchitoyi ndi ya pakhomo pawo. Anavula jekete, n'kuyamba kusita matewera pamaso pa anthu onse. Bawo inaima. Wina anafunsa ngati akulu a mpingo masiku ano akudyetsedwa mankhwala ndi akazi awo, khonde lonse n'kufa nalo phwete. Bambo sanatukule mutu.

"Anangoyankha kamodzi," anatero Che Saidi. "Amvekere, 'Mwana wanga wayenda njira imeneyi masabata atatu. Sekani, mukatha mundiuze ngati m'mphepetemu mwapsa.'"

Ndinagwira simbi tsiku limenelo misozi ikugwera pathewera. Ndinali wonyada, komanso ndinali ndi manyazi, chifukwa mumtima ndinali nditawaweruza kale bambo kuti amakonda fodya kuposa ife. Kunyumba bambo sananenepo kanthu za tsikulo, ndipo ine ndinaopa kuyambitsa. Mvula itatha tinabwezeretsa chingwe chathu, ulendo wa ku msika n'kutha.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ana amavala matewera ogula, otaya akangoipitsidwa, ndipo simbi ndi yamagetsi, yopepuka ngati kapu. Ndimakhala ku Kasungu boma, komwe ana anga amandiseka kuti ndimasita ngakhale masokosi ndi matawulo. Kondwani ndi bambo wa ana atatu, ndipo amavala malaya amakwinya osachita nazo manyazi.

Bambo anamwalira chaka chatha, ine ndisanawathokoze. Kumudzi magetsi sanafikebe, choncho m'mawa wa tsiku loika maliro ndinatuma munthu kukabwereka simbi yamakala. Amayi a mvano anati ndikakhale m'nyumba ya siwa, mwana wa malemu sagwira ntchito, malaya oti bambo avale asita okha. Ndinawathokoza mwaulemu, koma simbiyo sindinaipereke. Ndinasita ndekha malaya oyerawo, kolala, manja, m'mphepete ndi m'misoko monse.