Anansi Akale a ku Zakazaka

Kambale kofiira kapulasitiki, kong'aluka m'mphepete, ndi komwe ndinkaikamo masitiroberi chaka chimene ndinali sitandade folo. Loweruka lililonse m'nyengo yozizira ija, ine ndi amayi tinkalawirira kuchoka ku Zakazaka, kukwera phiri, kukapikula zipatso kwa alimi n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Nkhungu inkanyowetsa juzi, mitengo ya paini ikununkhira utomoni, zala zitaumiratu ndi chisanu.

Abambo sankakhala nafe. Ankabwera Lachitatu masana atamanga tayi, n'kuchoka dzuwa lisanalowe. "Amagwira ntchito kutali," amayi ankatero. Kutaliko kunali ku Masongola, mtunda woti mwana amayenda wapansi osatopa, koma izi ndinadzazidziwa nditakula.

Sabata ina aphunzitsi anatilembera pa bolodi mawu oti mnansi. Anati ndi mawu aulemu, a m'mabuku ndi pa guwa, osati a pa mjigo. "Mnansi ndi munthu amene uli naye pafupi, kaya n'chifukwa cha nyumba, kaya cha magazi." Ndinawakonda mawuwo moti ndinkangowabwereza ndikutsuka mbale. Aphunzitsiwo sananame, kungoti sanatiuze zonse.

Loweruka lotsatira galimoto yoyera inaima pamene tinayala zipatso. Mayi wina wonunkhira sopo wodula anatsitsa galasi. Kumbuyo kunali atsikana awiri ovala majuzi ofanana, wamng'onoyo mphuno yake ngati yanga. Woyendetsa anali abambo.

"Abambo!" ndinakuwa, ndikuthamangira ku zenera.

"Mukuwadziwa?" mayi uja anafunsa abambo.

Abambo anayang'ana chiwongolero. "Ndi anansi akale a ku Zakazaka."

Amayi anadzuka pang'onopang'ono, nasankha zipatso zakupsa bwino, n'kuzipereka ndi manja awiri atapinda maondo. Mpaka lero sindinawakhululukire abambo chifukwa cha maondo amenewo. Galimoto inakwera phiri. Lachitatu sanabwere, ngakhalenso ena onse otsatira. Amalume atamva anangolavula malovu pansi, nati, "Tayi samanga mtima."

Koma tsiku lomwelo, potsika phiri, ine ndinkadumphadumpha patsogolo.

"Mwamva, amayi? Atitchula mawu a m'buku, pamaso pa anthu!"

Amayi anakhala pa mwala, natula dengu, nadziphimba kumaso ndi chitenje. Ndinaima pambali pawo, mphepo ikundibaya m'miyendo, ndikudabwa kuti munthu angalire bwanji atangouzidwa kumene kuti ali pafupi.