Foda ya Malemu Enoki

Inu amene mwakhala pansi lero mukuti zanu zatha, tamverani za Esitele wa ku Mkanda.

Chaka chimene Esitele analephera mayeso a Fomu 4 ndi chomwecho chimene anaika mchimwene wake Enoki. Makolo awo anali matenanti pa esiteti ina ya fodya, ochokera ku Mulanje, ndipo mtembo sanathe kupita nawo kwawo. Anauika m'manda a alendo kumapeto kwa esiteti, m'kankhalango kamene ngakhale abusa a mbuzi ankakalambalala.

Enoki anasiya laputopu yakale yosweka pakona, imene ankaphunzirira kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Amayi awo, a Filomena, anaikulunga m'chitenje n'kuiika kunsi kwa bedi. Patapita miyezi Esitele anaitulutsa, osati kuti aphunzire, koma kuti angogwira chimene mchimwene wake ankagwira. Atayatsa anapeza maphunziro amene Enoki anasunga. Anayamba kuwerenga, ndipo sanasiye.

Netiweki pa esitetiyo inkagwira malo amodzi okha, pachulu chimene chili m'mbali mwa manda aja. Masana alionse, anzake akamapuma kusoka fodya, Esitele ankakhala pachulupo, msana atalozetsa kumitengo.

Patapita zaka, bungwe lina la ku Lilongwe linalengeza kuti likufuna achinyamata oti liwaphunzitse ndi kuwalemba ntchito. Silinafunse satifiketi. Linangoti aliyense atumize simati kontrakiti yogwira ntchito. Imeneyi ndi pulogalamu yosunga mgwirizano wa anthu, moti ukalembedwa palibe amene angausinthe mwamseri. Esitele, amene anakula akuona matenanti akukanidwa zimene analonjezedwa pakamwa, anadziwa msanga choti alembe.

Analemba mpaka kumaliza. Chinatsala n'kupereka ntchitoyo kwa kompaila, pulogalamu imene imaunika zolembazo n'kuzimanga kuti ziyambe kugwira ntchito. Kompaila inakana. Inati laibulale imene waitana sikupezeka. Laibulale ndi zidutswa zimene ena analemba kale, zimene umangoziitana m'malo moyambira pachiyambi. Esitele anakopera ina yatsopano pa intaneti n'kuyesanso.

Apa m'pamene panatuluka mawu ofiira onena kuti dzina limene wagwiritsa ntchito lilipo kale. Pansi pake kompaila inalozera kumene dzinalo lili: m'foda, kathumba kosungiramo zolemba m'laputopumo, yolembedwa kuti Enoki.

Foda imeneyo Esitele anali asanaitsegulepo, ndipo m'zolemba zake munalibe mzere woiitana. Inali nthawi ya dzuwa la Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo ya kumanda. Mwadzidzidzi zinakhala chete zonse. Esitele anamva tsitsi likuimirira. Sanacheuke. Anatseka laputopu n'kutsika pachulu mothamanga.

Mawa lake anafufuta mzere umene ankaukayikira n'kuyesanso. Dzina la Enoki linabwera. Anayamba fayilo yatsopano, n'kulembanso zonse ndi manja ake. Linabweranso. Kamvuluvulu anadutsa pakati pa mitumbira, nanyamula masamba ouma, n'kudzathera patsinde pa chulu pomwe iye anakhala.

Atawafotokozera amayi ake, iwo anasiya kusenda mtedza.

"Mwanawe, katundu wa womwalira ali ndi mwini wake. Akukuuza kuti umusiyire."

Anamuuza kuti Lamulungu apita nayo laputopuyo kutchalitchi akaipempherere, kenako ibwerere kunsi kwa bedi. Tsiku lomaliza kutumiza ntchito ku bungwe lija linali Lolemba lotsatira.

Esitele anaimbira foni Millicent, mnzake wa ku Chipata amene anadziwana naye pagulu la ophunzira pa intaneti. Millicent sanaseke. Anamuuza kuti kompaila ikati dzina lilipo kale ndiye kuti zidutswa ziwiri za dzina limodzi zakumana m'ntchito imodzi, ndipo njira yachidule ndi kufufuta foda yakaleyo basi.

Esitele anaika chala pabatani lofufutira, koma chinakana kutsika. M'fodamo munali zonse zimene manja a Enoki anasiya padziko.

"Sindifufuta," anauza Millicent. "Ndifufuza kumene akulowera."

Loweruka masana anakweranso chulu. Nthawi ino anakhala moyang'ana kumanda, mtanda wa Enoki ukuonekera pakati pa zitsamba. Anasiya kuopa mawu ofiira aja n'kuyamba kuwawerenga pang'onopang'ono mpaka pansi. Anatsata mzere uliwonse woitana laibulale kuti aone kumene ukuthera, monga mmene umatsatira mapazi a mbuzi yosochera.

Dzuwa litapendeka anapeza kafayilo kakang'ono ka malangizo, kamene Enoki anakonza kalekale akuphunzira. Kafayiloko kankauza kompaila kuti zidutswa zina izikazitenga m'foda yake. Choncho laibulale yakale ya Enoki ndi yatsopano ya Esitele zinkalowa pamodzi, iliyonse ili ndi chidutswa cha dzina lomwelo.

Esitele anakonza malangizowo kuti aloze kulaibulale yatsopano. Kenako anatsegula foda ya mchimwene wake koyamba. Anapezamo chidutswa china chotsimikiza kuti wosintha mgwirizano ndi mwini wake yekha, cholembedwa bwino kuposa chake. Anachiitana chokhacho, n'kuchipatsa dzina lina kuti chisalimbane ndi chinzake.

Anayesanso. Kafani koziziritsa laputopu kanalira kwa kanthawi, ndipo mawu ofiira sanabwere. Ntchito inamangika.

Esitele analira pachulupo, kulira kumene sanalire tsiku la maliro. Atafika kunyumba anawaonetsa amayi ake. Iwo sankadziwa kuwerenga zimene zinali pagalasipo, koma anafunsa ngati dzina la mwana wawo lafufutidwa.

"Ayi amayi, alimo. Tagwira ntchitoyi awiri."

Lamulungu laputopu sinapite kutchalitchi. Lolemba ntchito inatumizidwa, bungwe lija linasankha Esitele, ndipo mvula isanagwe anakwera minibasi pa Mchinji Boma kupita ku Lilongwe. Lero amalemba mapulogalamu, ndipo makolo ake anachoka pa esiteti ija, akulima munda wawowawo.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi mawu ofiira amene akukubwererani tsiku ndi tsiku, ndipo anthu akukuuzani kuti si zanu, musiye. Musathawe musanawawerenge mpaka pansi. Chimene chikukuopsani chili ndi polowera pake, ndipo mukapapeza mudzadziwa chochita. Bwererani mawa mukayesenso, mtima osautaya.