A Lusiya ndi Mlatho wa Kuchipatala

A Lusiya amakhala kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Nkope. Ntchito yawo ndi kugula usipa m'mawa ngalawa zikafika, kuuyanika pa thandala, ukauma n'kukagulitsa ku Mangochi boma. Takhala moyandikana zaka khumi ndi zinayi, koma chipani chawo sindichidziwa. Nthawi ya kampeni amalandira zitenje za aliyense wobwera, ndipo mvula ikayamba kuwaza amafunditsa nazo usipa.

Tsiku lina mlamu wawo, che Latif, msodzi wokonda chipani chake kwambiri, anaona nkhope ya mtsogoleri wake itaphimba nsomba.

"Alamu, bwana wanga mwamusandutsa bulangete la usipa?"

"Apa ndiye akugwira ntchito," anayankha a Lusiya. "Akapita ku Lilongwe sitimuonanso."

Chimene a Lusiya ankafuna chinali chimodzi: mlatho pa kamtsinje kamene kali pakati pa dera lathu ndi chipatala. Chilimwe pamakhala mchenga wokhawokha, koma dzinja madzi amafika m'chiuno. Mwana wawo Benedicta anachirira pansi pa mtengo wa mango tsidya lino, madzi atakana kuphwa. Mayi ndi khanda anapulumuka, koma a Lusiya sanaiwale.

Zaka ziwiri zapitazo khonsolo inati tisankhe tokha chitukuko chimodzi. Amene anabwera ndi nkhaniyi anali a Kalisto, mlangizi wa zachitukuko, munthu waulemu wochokera ku Dedza amene anali atangotumizidwa kumene kunyanja kuno. Anaika msonkhano Lachitatu m'mawa pabwalo la sukulu. Koma sabata imeneyo mwezi unali mumdima, nthawi imene usipa umathamangira nyali za asodzi. M'mawa wotere abambo amakhala akugona, amayi ali pa thandala.

Tinasonkhana anthu osakwana makumi awiri: aphunzitsi, wapolisi mmodzi, asilikali opuma, ndi ine amene ndilibe thandala. Onse ankati mpanda wa sukulu. Pagulu ine pakamwa pamalemera, choncho ndinangonyamuka mwakachetechete n'kukawauza a Lusiya.

Anafika manja akunyezimira ndi mamba. Ananyonyomala pang'ono, napereka moni.

"Bwana, usiku wathawu munayang'ana kumwamba?"

"Kumwamba bwanji, mayi?"

"Kulibe mwezi. Anthu onse ali ku nsomba. Mukawerenga awa okha mwawerenga alendo athu, eni mudzi kulibe."

"Komatu ndinalengeza kutchalitchi ndi kumzikiti komwe."

"Munalengeza ndithu, koma usipa sunamve."

Mphunzitsi wina anati osafuna chitukuko asiyidwe. A Lusiya anamufunsa kuti ndiwo ya dzulo anamuyanikira ndani, ndipo wapolisi ndiye anayamba kuseka. A Kalisto anafunsa kuti mwezi uwala liti, anatseka kope lawo, nasuntha msonkhano ndi masabata awiri.

Pa msonkhano wachiwiriwo bwalo linadzaza mpaka ena anakhala pa mizu ya mitengo. Tinavota monga timachitira kuno, poima pamzere kumbuyo kwa munthu wonyamula chikatoni cholembedwa. Vuto linali lakuti zipani zinali zitalowererapo kale. A chipani cha che Latif ankati shedi ya pagombe, a chipani china ankati msika, ndipo munthu ankayamba wayang'ana kumene anzake aima.

A Lusiya ananyamula chikatoni cha mlatho n'kuima padzuwa. Amayi a kutchalitchi anabwera, a kumzikiti anabweranso, wina akukoka mnzake. Che Latif anaona mkazi wawo, Awa, ali kumeneko.

"Mayi a Sumani, mzere wathu ndi uno!"

"Mimba yotsatira mudzatenge ndinu, mudzaoloke nayo," anatero Awa osatembenuka n'komwe.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Che Latif anakanda mutu, anayang'ana anzawo, kenaka anayenda pang'onopang'ono ngati akukafuna mthunzi, n'kukaima kumapeto kwa mzere wathu. Asodzi ena asanu ndi awiri anawatsatira. A Kalisto anawerenga kawiri. Mlatho unaposa shedi ndi anthu khumi ndi mmodzi.

Ntchito inachedwa, monga zimakhalira, ndipo a Lusiya anapita kukhonsolo katatu atagulitsa usipa wawo, kukangokhala pa benchi mpaka wina awayankhe. Mlathowo ndi waung'ono, wasimenti, wodutsa galimoto imodzi basi. Zipani zonse ziwiri zimati ndi wawo, ndipo a Lusiya amangovomera aliyense.

Januwale wapitayu mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi linali langa lokatenga mankhwala a BP, ndipo a Lusiya anati andiperekeze. Madzi ofiira ankathamanga pansi pathu, atanyamula mapesi ndi nthambi. Tili pakati tinapatukira kabaza wonyamula mayi woyembekezera amene sitinamudziwe. Kuchipatala tinafika mapazi ouma, ndipo tinapeza mzere usanatalike.