Chotupitsa cha Malemu a Judith

Anti Vainess Chimbalanga ndimakhala nawo nyumba imodzi ku Scarborough, ku Canada, pansanjika ya nambala 14. Si abale anga, ndimangochita lendi kachipinda kawo ka kukhonde. Ndi mayi aafupi a zaka makumi asanu ndi zitatu, ndipo amayenda ngati basi ikuwasiya ngakhale akungopita kukhitchini. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba m'makomo. Kwa zaka zinayi akhala akupita kwa agogo Solomon, Myuda wokhala cha ku Bathurst, amene kale ankakonza mawotchi. Poyamba ankasamalira akazi awo, a Judith. A Judith atamwalira m'nyengo yozizira yathayi, anti anatsala akusamalira amunawo.

A Judith anasiya botolo. M'botolomo munali chinthu chonga phala losasa, chotupitsira buledi, chimene amayi awo anachiyambitsa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Chinthucho ndi chamoyo. Chimadya ufa wa tirigu ndi madzi, chimatulutsa thovu, ndipo ukachinyalanyaza chimafa.

Tsono pa Pasika ya Ayuda, masiku asanu ndi atatu athunthu, Myuda sadya chakudya cha tirigu chotupa, ndipo saloledwa ngakhale kukhala mwini wake. Amasesa nyumba yonse. Zotsala amawotcha, kapena amagulitsa kwa munthu wosakhala Myuda n'kudzagulanso Pasika ikatha. Chimene chadutsa Pasika chili m'manja mwa Myuda sichidyedwanso mpaka kalekale. Zaka zonse a Judith ankagulitsa botolo lawo kudzera mwa rabi, mtsogoleri wa chipembedzo chawo, n'kulitsekera m'firiji osalidyetsa. Koma chaka chino chotupitsacho chinali chitafooka ndi miyezi ya maliro, ndipo agogo Solomon anaopa kuti masiku asanu ndi atatu a njala achimaliza.

Zimene zinachitika m'mawa wa tsiku loti Pasika iyamba madzulo ake, anti anadzandichitira sewero m'khitchini mwathu, jekete lili m'thupi, akusinthasintha mawu.

“Akuti, ‘Vainess, ndikukugulitsani botololi.’ Ine ndikuti, ‘Aa, agogo, kugulitsana kwa chiyani? Ndingokusungirani basi.’ Mwanawe, munthu anatsala pang'ono kugwa pampando!”

Agogowo anawakhazika pansi. “Mukasunga ndiye kuti ndi changabe,” anatero. “Chikadutsa Pasika chili changa, ndiyenera kuchitaya, ndipo buledi wa Judith sindidzamulawanso. Rabi wandiuza kuti mugule zenizeni. Mulipire, munyamule. Mukafuna muphikire, mukafuna mutaye. Ine sindifunsa, sindiimba foni.”

“Ndiye ndi changa?”

“Ndi chanu.”

“Changachanga?”

“Chanuchanu.”

Anti anatulutsa ndalama yachitsulo ya madola awiri, anasaina kapepala. Akuvala nsapato, agogowo anayankhula akuyang'ana pawindo, ngati akuuza mpheta: “Judith ankataya theka tsiku lililonse, n'kudyetsa theka lotsalalo.”

Kunja kunkazizirabe, choncho anti analowetsa botolo m'jekete ngati khanda. M'sitima ya pansi pa nthaka munali motentha. Asanafike pa siteshoni ya Kennedy chivindikiro chinangoti phu! Fungo la thobwa wa masiku atatu linadzaza ngolo yonse. Bambo wina wovala taye amene anakhala pambali pawo anaimirira, ndipo anti anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwira mphuno, ngati wachita ndi iyeyo.

Kunyumba chotupitsacho chinapatsidwa dzina tsiku lomwelo. Anti sakanatha kunena kuti “chinthu” pa katundu wa malemu, choncho chinakhala a Judith. Akabwera ku ntchito, asanavule nsapato, ankafuula: “A Judith adya?” Ine ndinkayankha kuti sindinawakhudze. Ndinkawaopa. Ankapuma mpweya ngati munthu.

Tsiku loyamba anti anaima pasinki ndi supuni, theka la chotupitsa lili m'mbale.

“Kutaya,” anatero. “Ufa wabwinobwino. Ine ndinaona njala ya 2002 ndili ndi ana awiri. Ndikataya ichi dzanja liuma.”

Anathira thekalo m'chitini cha majarini, n'kudyetsa zonse ziwiri. Mawa lake ziwirizo zinakhala zinayi. Komanso anti sadziwa kudyetsa mlendo pang'ono. Pamene a Judith enieniwo ankaika masupuni awiri a ufa, iwo ankaika kapu yodzaza, kenaka n'kuwonjezera kena “poti ulendo unali wautali.” Pofika tsiku lachinayi a Judith anali m'botolo la chiponde, m'bakuli, m'poto wa tiyi ndi m'ndowa yaing'ono imene timanyikamo nyemba. M'mawa wina ndinapeza ena atakwawa kutuluka m'chitini, atatsika pashelefu, ali pa ulendo wopita ku tosita.

“Asiye,” anatero anti. “Akuona nyumba.”

Apo ndi pamene anatulutsa chiwaya. Asanabwere ku Canada anti anagulitsa mandasi pamsika wa Lunzu zaka khumi ndi ziwiri, ndipo manja awo sanaiwale. Mandasi a chotupitsacho anatuluka otupa ngati masaya a mwana wokwiya, osasa pang'ono kumapeto kwa lilime. Alamu ya utsi inalira kawiri. A Afiya a pansanjika ya 9, mayi a ku Mangochi ogwira ntchito kubanki, anakwera kudzafunsa ngati kwapsa nyumba, ndipo anatsika ndi mandasi khumi ndi botolo lawolawo. Lamulungu anti ananyamula beseni lonse kupita nalo kutchalitchi. Amayi anzawo anawazungulira.

“Yisiti wake ndi uti ameneyu, a Chimbalanga?”

“Wa ku Bathurst. Simungamupeze m'shopu. Ndinagula kwa eni ake.”

“Ndiye mwayamba bizinesi ndi Ayuda?”

“Masiku ano ndine bwana, inu. Muzindipatsa moni ndi manja awiri.”

Masiku onsewo anti ankapitabe kwa agogo Solomon kukawasamalira, atasamba m'manja kawiri ndi kusintha zovala kuti asalowe ndi kanyenyeswa kalikonse. Agogowo sanafunse kanthu. Ankangowayang'ana kumaso akamalowa, ngati munthu wodikira dokotala. Anti ankati kukhala chete kumeneko kunkawapweteka kuposa msana.

Pasika itatha, m'mawa wake, belu lathu linalira. Anali agogo Solomon okha, ndi ndodo yawo ndi kachisoti kawo, atabwera pa takisi chifukwa kudikira kunawakanika. Ine ndinali pakona ndi tiyi wanga, ndipo ndinasowa pothawira.

Analowa m'khitchini n'kuima. Patebulo, pashelefu, pawindo ndi pamwamba pa firiji panali zotengera khumi ndi zinayi, zonse zikuchita thovu.

“Cha Judith ndi chiti?” anafunsa.

“Zonsezi, agogo.”

Anatsegula chitini cha majarini, anaweramira, ananunkhiza. Anakhala chiweramire. Ataweramuka maso awo anali atanyowa, ndipo anti, amene amalira ngakhale pa ukwati wa pa TV, anagwira botolo lakale lija n'kulitambasula ndi manja awiri.

“Tengani, agogo. Ndi chanu chomwe ichi. Ine ndimangokusungirani.”

Agogowo anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda firiji. Anabisa manja kumsana.

“Vainess,” anatero motsitsa, “ndiuzeni zoona, musandimvere chisoni. Masiku onsewa, mumtima mwanu, munagula kapena munkasunga? Ngati munkasunga, ndibwerera chimanjamanja.”

M'ndowa a Judith ankati pwi, pwi. Anti samanama. Ndinaona milomo yawo ikuyenda popanda mawu, akudzifufuza. Anayang'ana botolo, anayang'ana chiwaya chimene chinali pasinki, anayang'ana zitini zonse zija chimodzichimodzi. Kenaka anaika botololo pansi, nagwira m'chiuno.

“Munati a Judith ankataya theka. Ine ndataya?”

“Zikuoneka kuti ayi.”

“Mandasi ndinapempha ndani? A Afiya ndawapatsa botolo lathunthu, ndinaimbira ndani foni? Munthu wosunga katundu wa eni amatero? Ndi changa ichi, bambo. Zija ndanena ndi ulemu chabe, wa kwathu. Ndipo pa madola awiri sindigulitsa.”

Agogo Solomon anatulutsa dzanja limodzi kumsana. “Munagula pa madola awiri.”

“Ndinagula nkhuku yodwala. Taonani pano. Makumi awiri.”

“Makumi awiri! Phala losasa? Atatu.”

“Atatu mukagule yisiti wa m'pepala. Uyu ndi wa makolo, zaka makumi asanu ndi limodzi. Khumi ndi asanu, poti ndinu kasitomala wakale.”

“Asanu, ndipo mukundibera masana dzuwa likuswa mtengo.”

“Mwanawe,” anatembenukira kwa ine, “tawatsegulira chitseko abambowa, akuoneka kuti angobwera kudzaona.”

Agogowo anayendadi mpaka pakhomo, ndodo ikugunda pansi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Anti anawasiya mpaka agwire chogwirira, kenaka anakuwa ngati ali tsidya lina la msewu wa Lunzu: “Bwerani, bwerani, achimwene! Mwati zingati?”

Anagwirizana pa madola asanu ndi awiri. Agogo Solomon analipira akuseka mpaka kutsokomola, anti anawapatsa madzi, ndipo analemberana kapepala kena kumbuyo kwa envelopu. Atatero m'pamene agogowo anagwira botolo lija, ndi manja onse awiri, n'kuliika pachifuwa.

Anti anatenganso botolo la chiponde, anapukuta m'mbali mwake ndi nsalu, n'kulilowetsa m'thumba la jekete la agogowo.

“Ichi sindinagule,” anatero agogo, akuyambanso kuda nkhawa.

“Ameneyo ndi basela. Wogula bwino timamuwonjezera. Mukafunse rabi, akakuuzani kuti zimaloledwa.”

Anawaperekeza mpaka pa takisi, akuwalangiza kuti chivindikiro asamange kwambiri ndipo akhale kufupi ndi windo.